Sefa ya Magetsi ndi Dzina la Mdzukulu Wanga

Lolemba

Wailesi yathu ya pamishoni kuno ku Milange ikung'ung'udza ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Misa ya m'mawa ikangotha a ku Mocuba amaitana, ife timayankha, koma palibe akumva mnzake. Wolakwa ndikumudziwa: jenereta yathu. Wamagetsi pano ndine, ndiye maso onse ali pa ine.

Lero m'kati mwa phokosomo mwatuluka liwu limodzi: "Rozalina." Basi. Kenako njuchi.

Rozalina, mwana wanga! Anakwera koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, mwezi watha kupita kuchipatala chachikulu cha ku Mocuba, chifukwa anamwino akuno anati mwana wakhala mopingasa. Chichokereni, anyamata a kutchire atseka msewu. Msewu umene watsala ndi wailesi. Nanga Rozalina watani? Wachira? Kapena? Chinacho sindilemba. Ndili ndi mantha.

Palinso nkhani ya dzina. Mwana woyamba anatcha ndi akuchimuna, ndiwo mwambo. Asebele anga a Namakhwa, bambo ake a mkamwini wanga, sanavutike n'kuganiza komwe: anamutcha Namakhwa. Wachiwiriyu ndi wanga. Koma dzina liyenera kufika mwana asanatuluke m'chikuta. Mchombo ukagwa dzina lisanafike, atcha wina. Winayo ndikumudziwa, amayenda pa njinga. Dzina ndili nalo, koma sindinauze munthu aliyense.

Vuto ndi ili: magetsi a jenereta yathu ndi akuda. Magetsi abwino amayenda ngati funde limodzi losalala. Athuwa funde lalikulu labereka timafunde ting'onoting'ono kumsana, tothamanga kuposa mayi wawo, ndipo timeneti ndito tikulira m'wailesi. Mankhwala ake ndi sefa ya magetsi. Ilipo! Bokosi lachitsulo lotuwa, linabwera m'katundu wamphatso, pansi pa mabulangete.

A Padiri, amene amanditcha Mesitiri, ndiye kuti mmisiri, akuti, "A Mesitiri, ingolumikizani."

Ingolumikizani! Wotumiza sitikumudziwa. Pepala lake palibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzanga wamagetsi wa kumaofesi a boma anangolumikiza chinthu china, wailesi ya boma inafuka utsi, pano akulima ku Niassa, akuti akumuphunzitsa khalidwe. Ndipo wailesi yathuyi ikapsa, ina kulibe.

Lamulo langa: chosayesedwa sichilumikizidwa.

Dongosolo:
mawa, kupeza choyesera;
mkuja, kuyesa sefa;
Lachinayi, kulankhula ndi Mocuba momveka ngati tili pakhonde limodzi.

Malemu mkazi wanga Marita akanati ndikuchedwetsa zinthu. Ndamuyankha pomwe ndimapukuta fumbi pa sefa: Marita, khala chete, ntchito ino ndi yanga.

Lachiwiri

Mocuba yaitana. Njuchi zokhazokha. Ndakanikiza khutu pa wailesi mpaka latentha.

Ndatulutsa mita yanga yasingano. Yakalamba nane. Singano yake imafuna kuigogoda ndi chala kuti idzuke.

Ndalumikiza sefa ku jenereta, mbali inayo ndaikako babu, osati wailesi. Ndayatsa ndi ndodo yaitali ndili kuseri kwa chitseko. Sinaphulike. Babu layaka. Zimenezo sizikutanthauza kanthu: babu ndi mbuzi, limadya chilichonse.

Kuyesa sefa isanasefe: singano yaima pakati.
Kuyesa itasefa: singano yaima pakati pomwepo.

Ndiye kaya sefa ndi yabodza, kaya mita yanga ndi yakhungu. Ndikudziwa bwino kuti singano imanena kuchuluka kwa magetsi, osati ukhondo wake. Woyesa chimanga ndi chitini anankafumbwe sawaona. Komabe ndimafuna ndione ngati sefayo ichite manyazi.

Masana, belu la njinga pageti. A Namakhwa! Anawauza ndani kuti ndikufuna choyesera? Ine ndinangouza a Padiri, mlonda, amayi ochapa ndi ogulitsa fodya. Atulutsa kanthu m'thumba la shuga, akuti awoloka nako Ruo kuchokera ku Muloza, madzi a m'chiuno.

"Asebele, iyi ndi mita ya manambala. Simanama. Ingogwiritsani ntchito, mudzabweza."

Ulele! A Namakhwa, munthu wa kandonga, malonda ozembetsa aja, amene mchere amagulitsa pa supuni, akubwereketsa chinthu ulele! Apa pali mutu. Akufuna ndiyese ndi mita yabodza, nditaye masiku, mchombo ugwe, kubadwe Namakhwa wachitatu. Akakhala mtsikana adzati Namakhwina, ndikuwadziwa.

Ndathokoza ndi manja awiri. Ndaibisa pansi pa bedi kuti ndione ngati ichite kanthu payokha.

Lachitatu

Sinachite kanthu. Zimenezo zikundikayikitsanso.

Mocuba: njuchi, ndiponso mawu ngati a munthu wamkazi kutali. Kulira? Kuseka? Sindikudziwa.

Mita ya a Namakhwa ndi yokongola, ndivomere. Manambala akuda pa kagalasi. Koma manambalawo sakhala pansi, akuvina. Ndipo sakugwirizana ndi singano yanga. Ya a Namakhwa ikuti magetsi ndi ochepa, yanga ikuti ndi okwana.

Wabodza ndani? Kuti ndidziwe, pakufunika mita yachitatu yoyesa ziwirizi. Nanga yachitatuyo ayese ndani? Marita, usaseke, funso ili ndi lanzeru.

Ndiponso ya manambalayi nayo timafunde tija sikutiona. Imangosonkhanitsa zonse pamodzi, ufa ndi madeya, n'kutchula nambala imodzi. Choyesera chimene ndikufuna ndi choonetsa nkhope ya funde lenilenilo.

Jenereta yayaka m'mawa wonse chifukwa cha kuyesaku. A Padiri alowetsa ndodo m'diramu ya dizilo, aitulutsa, aiyang'ana, andiyang'ana ine. Anthu osanena kanthu ndi oopsa.

Ndawapempha njira yachidule: batire la Landirova. Magetsi a batire ndi oyera, alibe funde ngakhale limodzi, wailesi ikhoza kumveka lero lomwe.

"Batire limenelo ndi miyendo ya odwala, a Mesitiri. Zikavuta kuno, ndilo lidzatulutse amayi a m'chipatala mpaka pamalire. Likatha mphamvu ndi wailesi yanuyo, mudzawabereka ndinu?"

Akunena zoona. Ndikudana nazo akamanena zoona. Koma n'chifukwa chiyani yankho anali nalo kale pakamwa? Dzulo ndinawaona akucheza ndi a Namakhwa pageti. Akuti amakamba za makandulo.

Ndakumbuka! Kufakitale ya tiyi, m'chipinda cha mzungu amene anathawa uja, munali osilosikopu. Bokosi la diso lobiriwira, limajambula funde la magetsi monga lilili, ndi ana ake omwe. Icho ndicho choyesera cha amuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dongosolo lasuntha ndi tsiku limodzi. Limodzi lokha.

Lachinayi

Ndapita kufakitale pa njinga. Minda ya tiyi yasanduka tchire, mitengo yatalika kuposa ine. Mlonda wandifunsa chimene ndikufuna, ndamuuza, akuti, "Kawailesi kakanema kopanda anthu kaja? Tengani, kamatiopsa." Wapereka mosavuta kwambiri. Ndimukumbuka.

N'cholemera ngati thumba la simenti. Ndachikulunga m'chitenje cha Marita, ndamanga pa kaliyala, ndikukankha njinga.

Pa chingwe chotseka msewu, anyamata a milisiya, alonda a boma a mfuti aja, aona bokosi lalitali lokulungidwa m'chitenje, avula zipewa. Sanafunse ngakhale giya, kapepala kaulendo kaja. Mmodzi akuti, "Pepani, ababa. Anali wamng'ono?"

Ndimafuna kuseka, koma ndalephera. Bokosi la mwana! Sabata ino! Ndadutsa, ndakaima kuseri kwa mtengo wa mango. Ambuye, zisakhale malodza.

Masana ndayatsa. Chatenga nthawi kufunda, chanunkha fumbi lopsa, mphemvu ziwiri zatuluka ndi katundu wawo. Kenako, mzere wobiriwira! Ndaika waya pa magetsi a jenereta. Funde lija ilo! Lopindikapindika, lamano, timafunde tili ngundangunda kumsana kwake. Ndakupeza, wakuba iwe!

Amayi ochapa asuzumira pawindo. Mmodzi wachita chizindikiro cha mtanda.

Chotsala n'kusuntha waya kupita mbali ina ya sefa, n'kuona ngati mano atha. Ntchito ya mpweya umodzi. Dzanja linali kale m'njira. Koma ndaima. Chinthu chimenechi chagona zaka m'chipinda cha munthu wothawa. Wachiyesa ndani? Bwanji ngati mano ndi ake, osati a jenereta? Lamulo ndi lamulo.

Ndayamba kuyesa osilosikopu ndi mita yanga. Kenako ndi ya a Namakhwa. Kenako mita ziwirizo ndi osilosikopu. Tsopano abodza ndi atatu, aliyense akuloza mnzake.

Ndili m'kati mwa mlanduwu, jenereta phwii. A Padiri azimitsa. "Dizilo wa lero watha, a Mesitiri, ndi wa mawa yemwe."

Mawa m'mawa ndingosuntha waya. Palibe chingalepheretse.

Lachisanu

Chalepheretsa.

Ndisanayatse n'komwe, Komandanti wa milisiya ali pakhomo ndi anyamata ake. Akuti kumsika nkhani ili ponseponse: a Mesitiri ali ndi makina oonetsa pamene asilikali amagona, ndipo amatumiza kutchire kudzera pa mzere wobiriwira. Ena akuti m'bokosimo ndinabweretsa mwana wakufa, ndiye akuwala.

Wanena ndani? Amayi ochapa? Mlonda wa kufakitale? Wa njinga uja? Onse ndawaika pamtima.

"Yatsani, Kamarada Mesitiri, tione tokha."

Ndayatsa. Walira mvula walira matope: funde latuluka lokongola kuposa dzulo, mano onse poyera. Komandanti wavula magalasi, wayandikira.

"Awa ndi mapu. Ili ndi phiri la Tumbine. Apa potsika ndi pamlatho. Timano iti ndi malo athu olondera."

Ndafotokoza za funde ndi ana ake. Akuti ana a ndani? Ndafotokoza za sefa. Akuti ikusefa anthu ati? Ndapempha kuti ndingosuntha waya, aone kuti mapiri ake asalala. Akuti ndisakhudze, ndikufuna kufafaniza umboni.

Walamula kuti jenereta isazime mpaka mapuwo asinthe, aone kumene adani akulowera. Akhala pa mpando wanga tsiku lonse, akuyang'ana mzere. Mzere ukuwayang'ananso. Diramu yauma. Walamula kuti apope dizilo wa m'Landirova. A Padiri akana, achonderera, atchula amayi a m'chipatala. Yankho: "Chitetezo choyamba, a Padiri." Ndaona dizilo wothawira akutsika m'paipi, ndipo ndachita manyazi kwambiri. Ndayambitsa ndine.

Mocuba inaitana m'mawa, anyamata atatu ali chilili ndi mfuti kumvetsera njuchi. Mmodzi akuti wamvamo chizindikiro chachinsinsi.

Madzulo anyamula osilosikopu kupita nayo kukafufuzidwa. Chitenje cha Marita ndalanditsa, ndachita kukokerana ndi mnyamata wa mfuti. Ku Niassa sanatchuleko, mwina akusungira mawa.

Potuluka Komandanti akuti, "Boma silisiya mmisiri manja lende. Mawa ndikubweretserani choyesera chathu, cha ku Rasha. Chimenecho ndiye sichinama."

Wachiwiri sabata ino kundiuza kuti chake sichinama.

Ngati Rozalina anachira Lolemba lija, mchombo uli pafupi kugwa. Ngati anachira.

Loweruka

Mocuba: "...lina...mwana..." Njuchi. Mwana watani? Ndagwira wailesi ndi manja awiri ngati ndiifinye.

Choyesera cha boma chafika. Ndodo yaitali, kumapeto kuli mbale, ndi zovala m'makutu. Malemba ake ndi otembenuka, palibe akuwawerenga. Ine ndachizindikira: chofunira mabomba okwirira pansi. Chimalira chikamva chitsulo, china chilichonse sichidziwa.

Ndanena mwaulemu kuti ichi sichiyesa magetsi. Komandanti akuti, "Chimayesa choopsa. Choopsa ndi choopsa."

Zimene chalirira:
makiyi a a Padiri;
bedi la m'chipinda cha odwala;
mtanda wa pakhoma;
lamba wa Komandanti mwini.

Zonsezi akuti n'zodziwika, zilibe mlandu. Kenako mbale ija aisendeza pa sefa. Kulira kwake! Mnyamata wovala zam'makutu wadumpha, wagwetsa mpando.

"Bomba! Nonse panja!"

Ndati ndi bokosi lachitsulo, liyenera kulira. Komandanti wandifunsa pamaso pa anthu, "Kodi si inu, Kamarada Mesitiri, amene mwakhala mukuuza tawuni yonse kuti bokosi limeneli simukulikhulupirira? Kuti wotumiza sadziwika? Kuti mumaliyatsa ndi ndodo muli kuseri kwa chitseko?"

Ndine.

Aimangirira pa nsungwi, anyamula anthu awiri akuyenda chonyang'ama mpaka pabwalo la mpira. Aiika pakati. Tawuni yonse yabisala kuseri kwa sukulu, mitu yokha ikuoneka. Kuwombera koyamba kwapita m'chinangwa cha aphunzitsi. Kwachiwiri kwaphulitsa fumbi. Kenako kho! Sefa yagwa chammbali, mafuta akuda akutuluka pabala.

Sinaphulike. Komandanti akuti, "Taipha isanaphulike." Anthu aomba m'manja. Ena andigwira chanza, akuti tcheru changa chapulumutsa mishoni. Ndayamikiridwa!

Pobwerera ndapeza jenereta ikutsokomola komaliza. Dontho la dizilo palibe, m'diramu kapena m'Landirova. Firiji ya mankhwala yayamba kudontha thukuta.

Sefa ija inali yabwino kapena yoipa? Sindidzadziwa. Yapita ndi chinsinsi chake.

Dzuwa likupendeka, belu la njinga. A Namakhwa. Ndimati abwera kudzaseka. Akhala pakhonde, atulutsa mabanzi awiri a ku Muloza, andipatsa limodzi. Kenako akuti:

"Asebele, nanenso tulo sindikutiona. Wanga ali komweko, wanu ali komweko."

Banzi ndalinunkhiza kaye. Ndadya. Linali labwino.

Lamulungu

Misa yopanda magetsi. Ulaliki unali wa Tomasi wokayika uja. Si nyengo yake. Ndikudziwa amene amanenedwa.

Titatuluka, a Padiri abwera okha atanyamula batire la Landirova pamimba, mkanjo wada ndi girisi. Aliika pa tebulo langa, phi.

"Galimoto yopanda dizilo ichita nalo chiyani? Lumikizani. Ndipo mukati muliyese kaye, ndikulumikiza ndekha."

Sindinayese. Koyamba m'moyo wanga. Waya wofiira, waya wakuda, maso ndatsinzina.

Zii. Njuchi palibe. Chete woyera, woopsa. Ndinayamba kulakalaka phokoso lija, chifukwa m'phokosomo munthu umatha kuikamo nkhani imene ukufuna. A Namakhwa ali pakhomo, chipewa chili m'manja.

Kenako mawu, ngati munthu ali m'chipinda momwemo: "Milange, Milange! Mwachira lero? Sabata yonse tikufuula! Dikirani, mwini nkhani ali pompano."

Phokoso la mpando. Kupuma.

"Ababa? Ndine Rozalina. Ndili bwino, ababa. Ndinachira Lolemba m'mawa. Anachita kung'amba, koma ndikuyenda. Ndi mtsikana."

Sindikudziwa chimene ndayankha. A Padiri akuti ndinangoti "eya, eya, eya" ngati mbuzi ikukana chingwe. Misozi yagwera pa batire. Ndapukuta msanga, mchere ndi magetsi sizigwirizana.

Ndakonza kukhosi kuti nditchule dzina. Miyezi yonseyi ndalisunga.

"Ababa, mchombo unagwa dzulo m'mawa. Tinadikira mpaka madzulo, amayi akuno anati mwana sangatuluke wopanda dzina. Tamutcha kale."

Ndatembenuka kuyang'ana a Namakhwa. Ndinadziwa! Sabata yonse ndinadziwa! Ndafunsa ndi mawu ouma: mwamutcha ndani?

"Marita. Apongozi anatiuza tisanakwere koluna. Anati msewu ukatsekeka, akakhala mtsikana mudzamutche Marita, ndilo dzina akusunga bambo ako, lisadzatayike panjira."

Batire layamba kufooka, mawu achepa, apita.

Ndafunsa a Namakhwa kuti anawauza ndani. Ine sindinauze munthu.

"Asebele, Milange yense akudziwa. Mukamagwira ntchito mumaitana Marita kuposa mmene a Padiri amaitanira oyera mtima. Nanga mukanatcha ndani?"

Ndiye zatha choncho. Dzina langa lafika, koma pakamwa pa munthu wa kandonga. Ine mwini wake ndinali kalikiliki kuzenga mlandu wa mamita.

Zotsala: sefa yobooka, jenereta yozizira, galimoto yosayenda, batire lofooka. Osilosikopu akuti ikukana kuulula. Zikavuta kuno tidzathawa wapansi ngati anthu ena onse, ndipo a Padiri anena kale kuti machira akutsogolo ndidzanyamula ine. Ndavomera. A Namakhwa akuti mawa awoloka Ruo kukafuna dizilo wa zigubu ziwiri. Sindinafunse kuti akamupeza bwanji.

Mita yawo ndawabwezera. Mwina ndi yawo imene imanena zoona. Mwina.

Madzulo ndikupinda chitenje, ndaitana monga mwa masiku onse: Marita, waona zimene zachitika? Zaka zonsezi ndikaitana palibe amayankha. Tsopano alipo woti adzayankhe, msewu ukadzatseguka.